Mmene ndinaboolera chiboda cha hatchi yathu

Hatchi ija inafika pakhomo pathu dziko litangolowa kumene m'zipani zambiri. Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya, osati m'munda ayi, koma m'khola la mahatchi. Mwini esitetiyo atakalamba anagulitsa malo n'kubwerera kwawo. Mahatchi onse anapeza ogula kupatula imodzi, yaikazi, yofiirira, yokalambirapo. Imeneyo anapatsa amuna anga potsanzikana. Anayenda nayo wapansi tsiku lathunthu, ndipo podutsa pa Songani ana anawalondola chigulu mpaka pamlatho.

Ine ndinkaiopa. Ndinakulira pakati pa mbuzi ndi nkhuku, ndiye chinyama chotha kusuzumira pazenera chili chiimire sichinkandisangalatsa. Ana athu awiri aakazi anaizolowera sabata yomweyo, ankaipesa ndi kuibera nzimbe za bambo awo. Ine yanga inali kumweta udzu kudambo n'kuuponya m'khola ndili kunja kwa mpanda. Koma phindu lake ndinkaliona. Amuna anga anakhoma kangolo ka matayala awiri, ndipo mpunga umene kale ndinkasenza pamutu kupita nawo kuchigayo unayamba kuyenda wokha. M'mawa uliwonse iwo ankanyamula miyendo ya hatchiyo umodziumodzi n'kumakolokosa matope ndi timiyala m'ziboda ndi kachitsulo kopindika.

Dzinja lachiwiri, amuna anga anagwa panjinga pamtsetse wotsikira ku mishoni, n'kuthyoka mkono wamanja. Anabwera kuchipatala ali ndi chikhakha kuyambira m'chigongono mpaka m'zala. Mvula chaka chimenecho inkagwa ngati yatumidwa. M'khola munasanduka thope lokhalokha, ndipo kwa masabata atatu palibe anagwira ziboda zija.

Tsiku lina m'mawa ndikukaponya udzu, ndinapeza hatchi yaima ndi miyendo itatu. Wakutsogolo wakumanzere inali itautambasula, nsonga yokha ya chiboda ikukhudza pansi. Thukuta linali thupi lonse ngakhale kunja kunkazizira. Udzu sinauyang'ane n'komwe.

Posakhalitsa anthu anadzaza pampanda. Achimwene anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, anapukusa mutu.

"Alamu, mwendo uwu wathyoka. Musaizunze, ingoimalizani."

Amuna anga analowa m'khola, nagwada, n'kusisita mwendo wonse ndi dzanja lamanzere kuchokera paphewa mpaka pansi. Atafika pachiboda anandiitana.

"Mayi, tabwerani mugwire apa."

"Ine? Mukufuna indimenye theche?"

"Miyendo yakutsogolo simenya theche. Bwerani."

Ndinalowa. Chibodacho chinali chotentha ngati mbale ya tiyi, pomwe chakumanja chinali chozizira bwinobwino. Anandigwiritsa chala pamwamba pang'ono, kuseri kwa mfundo, ndipo ndinamva mtsempha ukugunda mwamphamvu.

"Fupa lili bwino," anatero. "Kamwala kalowa kunsi, ndiye m'katimo mwachita mafinya. Alibe potulukira. Chiboda sichitupa ngati khungu, n'chifukwa chake ikumva ululu chonchi. Pakufunika kuboola."

"Ndiye aboole ndani, inu mkono uli m'chikhakha?"

Analoza ine.

Ndinakana. Ndinati tiitane achimwene, koma iwo anali atabwerera kale m'mbuyo masitepe atatu. Ndinati titume munthu kwa alangizi a ziweto, koma mtsinje wa Domasi unali utadzaza, ndipo njira yozungulira ikanatidyera tsiku lonse. Hatchi ija inapumira m'mwamba, n'kutsitsa mutu mpaka mphuno yake inandigunda paphewa. Sindinathawe. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

"Kanditengereni mpeni wa ziboda," ndinatero.

Tinaitulutsa pang'onopang'ono kupita nayo pansi pa mtengo wa mango, pamene panali pouma. Mwana wathu wamkulu anagwira chingwe kumutu. Amuna anga anandionetsa kaimidwe: kufulatira kumutu kwa hatchi, kutsamira phewa lake, kunyamula mwendo n'kuupana pakati pa mawondo anga. Chitenje chinkandisokoneza, ndiye ndinakavala buluku lawo lakumunda. Azimayi amene anali pampanda anaseka mpaka ena kukhala pansi. Masiku amenewo mkazi wovala buluku kumudzi anali nkhani yokambidwa sabata yathunthu.

Mpeni wa ziboda ndi wopindika kunsonga ngati mbedza. Ndinayamba kupala kunsi kwa chiboda monga mmene timapalira chinangwa. Zakuda zinachoka, panatsala poyera.

"Pang'onopang'ono. Musakumbe, palani. Mukuona chiyani?"

"Poyera pokhapokha."

"Pitirizani cha m'mphepete."

Msana unayamba kuwawa. Hatchi inkanditsamira, ndipo kulemera kwake konse kunkathera m'chiuno mwanga. Kawiri inachotsa mwendo mwamphamvu, ine n'kugwera m'fumbi. Kachitatu ndinaukakamira, ndikuilankhula ngati mwana wodwala amene akukana mankhwala. Ndiye ndinaona kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya therere, m'mphepete cha mkati.

"Pali kakuda apa."

"Ndi pomwepo. Katsatireni ndi nsonga ya mpeni. Mukaona magazi, siyani."

Ndinakatsatira. Kanalowa mkati ngati njira ya chiswe. Ndinapala kamodzi, kawiri. Mwadzidzidzi panatumphuka madzi akuda bii, n'kundithira pamkono. Fungo lake linabalalitsa anthu pampanda paja kuposa mmene mvula ikanachitira. Hatchi inapuma mpweya wautali, thupi lonse n'kumasuka. Nditautsitsa mwendo uja, inauponda pansi. Osati mwamphamvu, koma inauponda.

Amuna anga anakuwa ngati ali ku mpira. "Mwaona? Mwaona, alamu? Waponda!"

Ine ndinakhala pamuzu wa mango n'kuyamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Ntchito sinathere pomwepo. Kawiri patsiku ndinkafunditsa madzi, kuthiramo mchere wambiri, n'kuviika chibodacho m'ndowa. Vuto linali lakuti pabowo paja pankalowa dothi. Tinayesa kukulunga ndi chiguduli, koma chinkang'ambika usanafike ndi masana omwe. Tsiku lachitatu ndinaika pepala pansi pa chiboda, n'kujambula mozungulira ndi khala, ndipo ndinapita nalo pa Songani kwa bambo wina wachisilamu amene ankasoka nsapato za matayala pakhonde la sitolo.

Anatembenuza pepala lija uku ndi uku. "Amayi, mwana wake ndi wotani wa phazi lozungulira chonchi?"

Nditawafotokozera anaseka, naitana anzawo kuti adzamve. Koma anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anadula tayala lochindikala la pansi, m'mbali anasokerera chubu, n'kuika malamba awiri omangira kumbuyo. Madzulo ake anabwera okha panjinga kudzaona ngati nsapatoyo yakwana, ati sangagone osaona kasitomala wawo. Inakwana ngati anachita kuyeza pamwendo.

Panthawi yomweyo ine ndi ana tinakonza khola. Tinatuta miyala yaing'onoing'ono kumtsinje madzi ataphwera, tinakumba ngalande kumbuyo, ndipo pamwamba tinathira mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo. Achimwene anabwera ndi wilibala yawo osaitanidwa, natuta nawo masiku awiri osatchulanso za kuimaliza.

Patatha masabata awiri ndinaivula nsapato ija. Bowo linali litauma. Tinaitengera kudambo, mwana wamkulu n'kumasula chingwe. Inayenda pang'ono, ikununkhiza udzu. Kenako inadzidzimuka yokha, n'kuliyatsa liwiro mpaka kumalire a munda wa mpunga, mchira uli m'mwamba, matope akuuluka. Anthu amene ankapalira anaweramuka n'kuyamba kuimba m'manja. Ine ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kunandiwawa.

Chikhakha chitachoka, mkono wa amuna anga sunabwererenso mphamvu zake zonse, ndiye ziboda zinakhala zanga. Anandiphunzitsa kudula zikatalika ndi kusalaza ndi tupa. Ndinkalakwitsa, iwo n'kumandikonza, nthawi zina tinkakangana mpaka ana kutiletsa.

Chilimwe chotsatira kunabwera bambo wina wochokera ku Naisi akukoka bulu wotsimphina. Amuna anga anatuluka kukawalonjera, nayamba kale kupinda malaya.

"Pepani bambo," anatero mlendoyo, chipewa chili m'manja. "Andiuza kuti ndifunse amayi a pakhomo pano."

Amuna anga anatembenuka n'kundiitana, mawu ali okweza kuti mudzi wonse umve. "Mayi, kwabwera odwala anu!"

Bulu ameneyo anali ndi msomali wa ngolo m'chiboda chakumbuyo. Ndinauzula, ndipo anabwerera ku Naisi tsiku lachinayi akuyenda yekha.