Chaja ya Malemu

Mumsewu wonse ankawatcha a Fyuzi. Kwa zaka makumi atatu ankakonza mawailesi m'kashopu kopanikizika pakati pa wometa ndi mayi wina wosoka zovala. Maso atayamba kuchita chidima anatseka kashopuko, zida zawo n'kupita nazo kunyumba m'katoni ya nsapato. Chaka chotsatira mayi akunyumba anatsogola.

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, namwino kudziko lakutali. Atabwera kumaliro anawasiyira makina a gemu, chifukwa pafoni awiriwa ankasowa chokamba. "Mwadzuka bwanji?" "Ndadzuka." Basi, kwatha. Koma akayamba mpira wa pa TV, uyu kwake uyu kwake, mawu ankabwera okha. Anapangana Lamulungu lililonse masana, bambo akabwera kutchalitchi.

Zowongolera gemu zinali ziwiri, ndipo zinkakhala pa kampando kochajira. Kampandoko kanalibe waya wakewake. Kankalowetsa kamlomo kake m'nthiti mwa makinawo n'kumayamwa moto momwemo. Tsono m'nyumbamo munali lamulo. Chiwotchereni mphenzi TV yawo yoyamba, malemu sankatuluka pabalaza osazimitsa pakhoma. Kale a Fyuzi ankawaseka nazo. Tsopano dzanja lawo linkapita lokha pa switchi, kampando n'kumagona ndi njala sabata yonse.

Masabata atatu otsatizana chowongolera chinazima mpira usanafike pakati.

"Adadi, ngati mwatopa nazo ingonenani," anatero mwanayo. "Kuntchito akundinyengerera kuti ndizigwira Lamulungu masana."

"Sindinatope, mayi."

"Chabwino. Tiona Lamulungu likudzali, kenako ndiwayankha."

Lolemba a Fyuzi anayesa kusiya choyatsa. Anafika mpaka pageti, mtima n'kuwakana, nabwerera kukazimitsa. Atadutsira kwa wosoka uja kukamwa tiyi, anamufotokozera.

"Achimwene, inu amene munkadzutsa mawailesi akufa, lero kugonja ndi chidole? Siyani choyatsa, nyumba siipsa!"

"Si ine ndimazimitsa, achemwali."

"Nanga ndani? Mphaka?"

A Fyuzi anangoyang'ana m'kapu. Mayiyo anaona kuti waponda pachilonda, nayamba kupalasa makina ake mwakachetechete.

Panali soketi imodzi yokha imene lamulo silinkaikhudza, ya kuchipinda, mbali imene ankagona malemu. Pamenepo pankakhala foni ya malemuwo, chifukwa ankati mwana akhoza kuimba nthawi iliyonse. Inali ikadali pomwepo, pambali pa buku lawo la nyimbo. Inali yakale, batire yake yotha, yongokhalira moyo pa chaja. M'mawa uliwonse a Fyuzi ankaidina kuti iwale, aone chithunzi cha mkazi wawo atavala yunifolomu ya kwaya.

Lachitatu anaiyeza chajayo ndi mita yawo. Mavoliti asanu, ndendende amene kampando kankafuna. Moto wake unali wochepa, koma sabata ndi yaitali. Kumsika machaja analipo mbwee, iwo ankadziwa. Koma soketi inali ya bowo limodzi, ndipo kupanikiza zinthu ziwiri pabowo limodzi ndi chimene ankadzudzulira makasitomala moyo wawo wonse. China chinayenera kuchoka.

Anayala nyuzipepala pathebulo. Anamasula tizomangira tinayi pansi pa kampando, n'kutiika m'sosala kuti tisathawe. Anachotsa kamlomo kaja. Tizizindikiro ta mkatimo sankationa, choncho anatenga magalasi owerengera a malemu n'kuwavala pamwamba pa awo. Kenako anagwira pulayala.

"Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindikumutaya," anatero, nadula mutu wa chajayo.

Anasenda mawaya, wofiira kwake, wakuda kwake. Fungo la mtovu wosungunuka litawafika m'mphuno, dzanja linakumbukira ntchito yake. Anayeza kawiri asanatseke. Atalumikiza kuchipinda kuja, timagetsi tiwiri tofiira tinayaka pambali pa buku la nyimbo.

Foni inazima Lachinayi m'mawa. Anaipukuta ndi mpango, naiika m'dirowa limodzi ndi magalasi.

Lamulungu pobwera kutchalitchi anapeza timagetsi tasanduka tobiriwira. Anasewera mpira wonse, ndi wina pamwamba pake. Mwanayo anawamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri.

"Adadi, goloboyi wanuyo ndi wa msinkhu wanu kapena?"

"Ulemu, iwe. Ndikukusiyira dala."

"Koma lero sichinazime. Mwachidyetsa chiyani?"

"Amayi ako ndi amene akuchidyetsa."

A Fyuzi anamva mwanayo akumina chakutali.

"Lamulungu lamawa musachedwe," anatero pamapeto pake. "Kuntchito apeze wina."

TV itazima, m'nyumba munabwerera bata. Anazimitsa pakhoma, napita kuchipinda kukakhazika chowongolera chawo pampando pake, pambali pa chinzake chimene chinali chisanagwiridwe ndi munthu chichokereni mwanayo.