Denga la a Pindani Linakatera Pabwalo la Mpira

Dzina loti a Pindani analipezera pantchito. Pa zaka makumi atatu zimene akhala akukhoma madenga, sanasiyepo msomali uli chilili kuseri kwa thabwa. Nsonga iliyonse ankaipinda ndi hamala, ngakhale mwini nyumba atopetu ndi kudikira, ndipo mitanda ankaimangirira kukhoma ndi waya wopota kawiri. Akalipentala anzawo ankawanena kuti ndi ochedwa. Iwo ankangoyankha kuti denga lawo silinasasukepo, mawu amene anawabwereza kambirimbiri mpaka akazi awo anayamba kuwamalizira.

Tsono Lachiwiri lina masana, mumsewu wa kuseri kwa msika munadutsa kavuluvulu wakuda bii. Sanathe mphindi zisanu ndipo sanavulaze munthu, koma anasasula nyumba zisanu ndi zinayi. Imodzi mwa nyumbazo inali ya mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, amene ntchito yake ndi yomanga. Makoma a nyumbayo anamanga mlamuyo yekha, denga n'kukhoma a Pindani.

Eni nyumba zinazo anali pakalikiliki kufunafuna kalipentala, ndipo mlamu uja anali atayamba kale kuyenda nayo nkhani. Ankauza aliyense kuti kanali kamphepo chabe, kamene kanalephera kugwetsa ngakhale khola la nkhunda la aphunzitsi. A Pindani anadziwa kuti mbiriyo ikakhazikika, mumsewumo simudzapezeka wowaitananso.

Lachinayi m'mawa kunafika mayi wa ku ofesi ya zanyengo, atavala jombo, kope lili m'khwapa, tepi yoyezera ili m'manja. Anafotokozera anthu kuti kumene kulibe chipangizo choyezera, mphamvu ya mphepo imadziwika ndi zimene yathyola, koma munthu ayenera kuyamba wadziwa ngati chothyokacho chinali cholimba. Za khola la nkhunda anazimva mwaulemu, kenako anayeza m'lifupi mwa njira imene kavuluvulu anadzera, napeza kuti kholalo linali kunja kwake ndi mamita makumi awiri. Agogo ena atalumbira kuti anaona mbuzi ikuuluka, mayiyo anafunsa kumene inakagwera, ndipo poti panalibe wodziwa, sanalembe kanthu.

A Pindani ankamulondola pambuyo, chipewa chili m'manja. Atafika kwa mlamu wawo, mayiyo anafunsa kuti malata ali kuti, pakuti pabwalo panalibe ngakhale limodzi. Anthu analoza kusukulu.

Denga lija linali pakati pa bwalo la mpira, lathunthu, litangopindika ngodya imodzi imene linaterera. Mayiyo anagwada, nasuzumira kunsi kwake, nayamba kuwerenga misomali. Anawerenga nthawi yaitali ndithu. Kenako anaitana a Pindani nawaonetsa mawaya aja: onse anali chimangire, ndipo pa waya uliwonse pankalendewera njerwa zitatu kapena zinayi za pamwamba pa khoma. Anatokosa ndi chala simenti ya pakati pa njerwazo, ndipo inayoyoka ngati shuga.

"Khomali anamanga ndani?" anafunsa.

Mlamu uja anayang'ana kumitengo. Anayankha ndi mkazi wake: "Ndi awa, bambo a m'nyumba. Ndinawauza ine kuti mchengawo wachuluka."

Apa mlamu anasintha nyimbo. Anati mphepo ngati imeneyo sinaonekepo chibadwire chake, inkabangula ngati sitima, ndipo palibe khoma padziko lapansi limene likanapirira.

"Alamu," anatero a Pindani mofatsa, "dzulo lomweli munkati kanali kamphepo."

"Dzulo ndinali ndisanaganize bwino, achimwene."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, koma mayi wa zanyengo sanatengeke. Anabwerera kukajambula mitengo yothyoka ndi pholo lamagetsi limene linawerama, nayezanso mtunda wochokera panyumba kufika pabwalo la mpira. Pomaliza analengeza kuti mphepoyo inali yamphamvu ndithu, koma yapakatikati: yoposa imene mlamu ankanena dzulo, yochepera imene ankanena lero. Denga silinalephere, anatero, chinagonja ndi khoma. Komabe sanawasiye a Pindani opanda mlandu. Anawauza kuti waya wawo unkangogwira mizere inayi ya njerwa, pamene ukanatsika mpaka mzere wachisanu ndi chitatu mwina dengalo likanakhala. A Pindani anatsegula pakamwa kuti atsutse, anaganiza pang'ono, kenako anapempha pensulo nalemba nambalayo padzanja.

Mayiyo asanakwere n'komwe galimoto, eni nyumba atatu anali atawazungulira kale a Pindani, aliyense akufuna kuti ayambe ndi yake. Anawayankha kuti adikire, chifukwa chibale chimayamba. Madzulo a tsikulo amuna makumi awiri ananyamula denga lija n'kulibweza kwa mlamu, koma a Pindani anakana kulikweza pakhoma lakale, nati liyambe lamangidwanso. Loweruka lonse anakhala pachidebe pafupi ndi mulu wa mchenga, akuwerenga mokweza mafosholo amene mlamu wawo ankathira pa thumba lililonse la simenti, ndipo mlongo wawo ankawerengera nawo ali pazenera.