Nsapato za Abasi ndi denga lodontha

Abasi anali mesenjala pa ofesi ina ku Boma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinayandikana naye nyumba, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Sankamwa, sankasuta. Chake chinali nsapato zachikopa zopanda zingwe, zongolowetsa phazi. Ankati munthu woswali kasanu pa tsiku alibe nthawi yomanga zingwe. Koma ku mzikiti ankapita ndi patapata, kuopa akuba.

Zipani zambiri zitabwera, kaunjika anadzaza msika ndipo nsapato za mtundu uja zinasowa m'sitolo. Abasi anayamba kuyenda m'midzi kugula za amadala omwe anatisiya. Anafika mapeya khumi ndi anayi.

Mu 1995 ntchito inatha. Denga la nyumba yake linawola, malo osadontha n'kutsala amodzi okha, pa alumali kuchipinda. Pamenepo panali nsapato. Mbewu ya mpunga ya mkazi wake, Tatu, inali pansi.

"Bambo a Mariam," anatero Tatu kwa Abasi ine ndili pakhonde, "mpunga uwu ukamera m'thumba, ine ndapita kwathu ku Ngala. Muziphika nsapatozo."

"Chikopa chikanyowa sichibwerera, mayi."

"Nanenso ndikapita sindibwerera."

Tatu sankanena zinthu kawiri. Tonse tinkadziwa.

Sabata yomweyo kunabwera James, wodula nzimbe ku Dwangwa, amene ankakwatira mwana wa m'mudzi mwathu. Suti anabwereka kwa aphunzitsi, koma nsapato analibe. Anafika kwa Abasi, anakhala pansi n'kupempha mwaulemu. Abasi anali asanabwerekepo munthu. Anayang'ana mapazi a James nthawi yaitali, kenako anayang'ana kudenga.

"Umatha kufolera?"

"Ndimatha, bambo."

"Sambitsa mapaziwo tione."

Zofiirira zinamukwana. James anabwera ndi azibale ake atatu, udzu pamutu, ndipo masiku awiri denga linatha. Mvula yoyamba inapeza nyumba youma.

Tsiku la ukwati Abasi, Msilamu, anapita kutchalitchi atanyamula jumbo. Anaima panja mpaka mwambo utatha. Akwati atatuluka anawalondola pambuyo. Pofika pamchenga anakweza dzanja, gulu lonse n'kuima.

"Vula, mkwati. Mchenga umadya chikopa."

James anavula, n'kuvala patapata za m'jumbo muja, suti ili m'thupi. Amayi oimba anaseka mpaka nyimbo inasokonekera.

"Achimwene, mwabwereka nsapato kapena apongozi achiwiri?" anafunsa mlamu wa James.

James anaseka nawo. Pofika pa bwalo louma anavalanso, n'kuvina mosamala ngati waponda mazira. Chithunzi chinajambulidwa nsapato zikuwala.

Mbiri inamveka mpaka ku Ngala. Akwati anayamba kubwera. Abasi salandira ndalama, amafunsa zomwe munthu amatha. Wina anamata khitchini, wina anakonza bwato la mlamu wa Abasi, wina anapalira munda. Aliyense amadziwa kuti adzalondoledwa ndi jumbo, ndipo amavomera.

Tatu sanapite. Mpunga anadzala, anakolola matumba asanu ndi limodzi. Pano ndiye amalandira akwati pakhonde n'kuwauza ntchito yomwe yatsala pakhomo, mwamuna wake asanatuluke n'komwe. Mwezi wa Okutobala akufuna munthu wodziwa kukumba chitsime.