Ba Tate ndi ambulera yawo m'sewero lathu

Mwaswera bwanji nonse, imvani za lero.

Mukudziwa kuti ba Tate safuna n'kumva komwe za gulu lathu la zisudzo ku Linda. Ife sitilemba kanthu. Oonerera amatchula nkhani, ife n'kuyamba pomwepo. Lamulo n'limodzi: chimene mnzako wayambitsa, sukana.

Masana ano anatipatsa ya anyani a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya olanda alendo zakudya. Nyani wamkulu ndinali ine.

Ndili pamwamba pa tebulo ndikudzikanda m'khwapa, ndinangoona ba Tate alowa mu holo, ambulera ili m'manja. "Iwe Namakau, tsika apo!"

Mubita, mnzanga wa m'gulumo, sanaphethire n'komwe. "Mwafika bwino, bwana woyang'anira nyama! Nyani ameneyu mumamudziwa mpaka dzina?"

Anthu anafa nako kuseka. Ba Tate anayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana ine. Kenako anakweza ambulera ija ngati mfuti n'kuyamba kundithamangitsa kuzungulira tebulo.

Pobwerera anandiuza kuti ndisadzapitekonso. Koma titafika pageti anandifunsa ngati ambulera ija anaigwira bwino.

Ine Loweruka ndikupita, zimenezo sitikambirana. Inu ndiuzeni chabe: ndiwasiye kunyumba, kapena tiwasokere yunifolomu?