Wayilesi Yanga Imamva Koma Osayankha

Moni nonse.

Ntchito yanga ya ulonda kuno kudera la Santry yapulumuka lero. Sabata yonse abwana amandiitana pa wayilesi ya m'manja, ine ndikuwamva bwinobwino, koma ndikayankha, kwa iwo kuli zii. Anaganiza kuti ndimachoka pageti, mpaka anandilembera kalata yochenjeza.

M'mawa uno kunabwera wokonza mawayilesi. Wapeza kuti kampani, pofuna zotchipa, inagula mawayilesi akale n'kuwakakamiza pa tchanelo chimene sanapangidwire. Ukadina batani kuti ulankhule, kanyali kofiira kamangoyaka kamphindi n'kuzima. Abwana anayesa okha katatu, kenako anang'amba kalata ija pamaso panga.

Mtima wakhala pansi, poti ntchito zikusowa kuno masiku ano. Koma abale anga, ndiwauze abwanawo apepese, kapena kung'amba kalatako ndiye kupepesa kwawo?