Chithunzi cha chimanga pa nsalu yoyera ku Zóbuè

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa. Mwamuna wanga anali atachotsedwa ku kampani ina yonyamula malasha, ndipo tinkakhala m'kachipinda kobwereka m'dera la 25 de Setembro ku Moatize ndi khanda lathu, Rozinya. Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti pa ofesi ina yaing'ono yothandiza alimi akufuna munthu wa tsache. Ku Moatize fumbi la malasha silitha. Ukapukuta tebulo m'mawa, masana ukhoza kulembapo dzina ndi chala.

Shefe, bwana wa pa ofesipo, anali Dona Amina, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Tsiku lina anandipeza nditaima kumbuyo kwawo, nsanza ili m'manja, ndikuyang'ana mizati yamitundumitundu pa kompyuta yawo. Ndinafuna kuthawa.

"Khala apa, Lusiya. Sukulu unalekeza pati?"

"Kalasi yachisanu, Dona."

"Ndiye kuti zilembo umazidziwa. Basi."

Alangizi ankabweretsa manambala a zokolola za m'midzi. Dona ankawalowetsa mu pulogalamu yotchedwa R, imene munthu amailamula polemba mawu, ndipo inkajambula galafiko, kutanthauza mizati yoonetsa mudzi umene wakolola zambiri ndi umene wakolola zochepa. Koma ukatseka pulogalamu, chojambulacho chimasowa. Anandiphunzitsa kuchisunga ngati chithunzi. Poyamba umalemba png() ndi dzina la chithunzicho m'kati mwake. Kenako barplot(), imene imajambula mizati. Pomaliza dev.off(), kutseka. Ukapanda kutseka, chithunzi sichitha kupangika.

Dona anandiuza kuti chithunzi chotere ndi timadontho toyalidwa ngati mikanda pa nsalu, ndipo ukapanda kunena kukula kwake, R imayala timadontho 480 m'litali ndi 480 m'lifupi. Pa foni za alangizi zinkaoneka bwino, ndiye sindinaganizeponso. Rozinya ankagona pansi pa tebulo, Dona akumutcha sekeletale wamkulu.

Anandiyesa kwa mwezi. Anati zikayenda, ntchito ya zithunzi idzakhala yanga. Kumapeto kwa mweziwo kunali msonkhano wa alimi ku Zóbuè, kwawo kwa mwamuna wanga, woti aone kusiyana kwa mbewu ya chimanga yamakolo ndi yatsopano asanabzale. M'mawa wa tsikulo amayi a Dona anagonekedwa m'chipatala ku Tete. Dona anandipatsa kompyuta ndi makina oonetsera pakhoma.

"Upita ndi a Mateyu. Iwo alankhula, iwe uonetsa. Usagwetse mwana, kompyuta ndiye usayese n'komwe."

Tinakwera shapa, kabasi kakang'ono, ndi a Mateyu, mlangizi wathu. Msonkhano unali m'holo ya tchalitchi. Amayi anapachika nsalu yoyera pakhoma, ndipo pa benchi yakutsogolo panakhala apongozi anga aamuna, chipewa chili pa bondo. Chikwatiwire changa tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Kwathu mawu a mpongozi amadzera mwa munthu wina. Ndinagwada chapatali, ndikuwomba m'manja, kenako ndinakabisala kuseri kwa kompyuta.

Nditayatsa makina, chithunzi chinadzaza nsalu yonse. Timadontho tija tinafufuma. Mizati inkaoneka ndithu, koma mayina a midzi pansi pake anali ngati inki yogwera madzi. Anthu anayamba kunong'ona. Apongozi anatsokomola.

"A Mateyu, tawafunsani mayi a Rozinya. Mudzi wathu ndi uti apa? Ine ndikungoona phala."

Holo yonse inaseka. Wina kumbuyo anati, "Mwina maso akalamba, madala." Iwo anati, "Ndiye tiwerengereni inu a maso atsopano."

A Mateyu akanatha kungotchula mayina pakamwa, koma alimi aja anali atauzidwa zambiri ndi anthu ambiri. Ankafuna kudziwerengera okha. Ndinatuluka, mwana ali kumsana, ndikuimbira Dona. Anayankha monong'ona, ali pakhonde la chipatala.

"Timadontho tachepa, mwanawe. M'kati mwa png() lemba width = 2400, height = 1600."

Ndinabwerera, ndikulemba, ndikutseka ndi dev.off(). Chithunzi chinatuluka chowala bwino, koma zilembo zinali ngati nyerere pa bwalo. Apongozi anati, "A Mateyu, auzeni kuti phala lija linali bwinoko." Apongozi aakazi, amene anali pakati pa amayi, anadzuka n'kudzandimasula mwana kumsana. Pamenepo ndinatsala pang'ono kulira.

Ndinaimbanso. Foni inalira nthawi yaitali, ine ndikudziuza kuti akapanda kuyankha ndingolowa m'munda wa kabichi wa kuseri kwa holo, n'kukhala momwemo mpaka anthu abalalike.

"Pepa, Lusiya, mutu wanga uli kwa amayi. Ndaiwala res. Chithunzi wachikuza koma zilembo sunazikuze. Onjezera res = 250."

Ndinawerenga mzerewo kawiri ndisanaulamule. Chithunzi chitabwera, mayina anaima akuluakulu, okwanira aliyense pansi pa mzati wake. Mayi wina pa benchi yomaliza anawerenga dzina la mudzi wake mokweza. Apongozi aamuna anadzuka, anapita pa nsalu, n'kuloza mzati wawo ndi ndodo. Unali wamfupi kuposa wa mudzi woyandikana nawo umene unabzala mbewu yatsopano, ndipo mkangano wa mbewu unayambira pomwepo. Palibe anandiyang'ananso. Ndinapuma.

Potuluka, apongozi anaima pafupi ndi a Mateyu, nkhope ataloza kumapiri.

"Mukawauze a shefe kuti mayi a Rozinya adzabwerenso nthawi yokolola. Pali mzati wina ndikufuna ndidzauone utatalika."

A Mateyu anakafikitsa uthengawo mmene unalili, ndipo Dona anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Ntchito anandipatsa.

Kuyambira pamenepo sindisunga chithunzi ndisanafunse kuti akachione ndani, pa foni, pa pepala kapena pakhoma. Ndikachisunga ndimachitsegula, ndikuchikuza, kenako ndimapita kukaima pakhomo la ofesi. Ngati dzina la mudzi sindingaliwerenge ndili pamenepo, ndiye kuti mayi wa pa benchi yomaliza sangaliwerengenso, ndipo ndimabwerera kukayambiranso.