Pabalaza Panasamukira M'galimoto

Amalume anga, akalipentala, ali ndi galimoto yakalekale, ija yaitali kumbuyo ngati bokosi. Kusitolo ya zipangizo sapondako. Chinthu chikawonongeka pagalimotoyo, amangolowa m'nyumba maso ali mwazumwazu.

Chitseko chakumbuyo chitayamba kutseguka chokha pamsewu, loko wa kubafa anasowa. Kalilole wa kuchipinda anamudula pawiri kuti aziwonera kumbuyo. Mipando itang'ambika, makushoni a pabalaza anatsatira, kenako kapeti ndi wailesi.

Tsiku lina apongozi a amalumewo atabwera kudzacheza, akazi a amalume sanadandaule. Anangowalandira mwaulemu n'kuwatsegulira chitseko cha galimoto.

"Lowani, amayi, pabalaza pathu ndi pano tsopano. Koma mukapita kubafa muziimba mokweza, loko ali kuno."